Kugula kamera ya filimu ndi malenzi akale ndalama zili zochepa

Tinene kuti pa tebulo la wogulitsa pali makamera awiri, Pentax K1000 ndi Ricoh KR-5. Onse ndi a makampani a ku Japan, onse anayamba kupangidwa m'zaka za m'ma 1970, onse amadya filimu ya 35mm, ndipo lenzi ya pa K1000 mukhoza kuimasula n'kuimanga pa Ricoh osavutika. Mutajambula munthu mmodzi ndi makamera awiriwa, lenzi yomweyo, filimu yomweyo, palibe angaloze kuti chithunzi ichi chatuluka m'kamera iti. Koma mukafunsa mtengo mudzamva kuti K1000 ndi yodula kutalitali. Kusiyana kwenikweni n'kochepa: K1000 imafika pa liwiro lojambulira la 1/1000 ya sekondi pamene KR-5 imalekera pa 1/500. Ndalama zina zonsezo mukulipirira dzina. K1000 inapangidwa kuyambira 1976 mpaka 1997, oposa 3 miliyoni, ndipo ndiyo inali kamera ya ana asukulu ophunzira kujambula ku America. Aliyense woyamba kumene amauzidwa dzina lomwelo, ndiye aliyense amasaka yomweyo.

Munthu amene wazolowera kamera ya digito kapena foni amavutika kuimva nkhaniyi, chifukwa kumeneko ubwino wa chithunzi umadalira kwambiri sensa imene ili m'kati mwa kamera. Ku filimu sizili choncho. Kamera ndi bokosi losalowa kuwala. Ntchito yake ndi kugwira filimu mowongoka ndi kutsegula kachitseko kotchedwa shutter kwa nthawi yoyezedwa bwino, basi. Mtundu wa chithunzi umachokera ku filimu, kuthwa kwake kumachokera ku lenzi. Choncho wa ndalama zochepa asamalimbane ndi kamera yotchuka. Apeze bokosi lamoyo, ndalama yotsalayo aiponye ku lenzi ndi ku filimu.

Mitengoyi sinali chonchi kale. Digito italanda msika m'zaka za m'ma 2000, makamera a filimu ankangotayidwa, ndipo Kodak yeniyeniyo inalengeza kuti yagwa pa chuma mu Januwale 2012. Zinthu ziwiri zinatembenuza msika. Choyamba ndi makamera a digito opanda kalilole m'kati, otchedwa mirrorless, amene anayamba ndi Panasonic G1 mu 2008 n'kudzakula mphamvu ndi Sony A7 mu 2013. Amenewa amalandira pafupifupi lenzi iliyonse yakale, ndiye ojambula mavidiyo ndi zithunzi anathamangira malenzi amene anali kugona m'makabati. Chachiwiri ndi achinyamata amene anabadwa digito ilipo kale, ndipo filimu kwa iwo ndi chinthu chatsopano. Ofuna achuluka, koma makamera sakuwonjezeka. Canon inasiya kugulitsa kamera yake yomaliza ya filimu, EOS-1V, mu 2018, ndipo Nikon inasiya F6 mu 2020. Pentax 17, imene inatuluka yatsopano mu 2024, inayambira pa madola pafupifupi 500. Tsono ambirife tikudalira makamera a zaka 30, 40 kapena 50, amene chaka chilichonse ena amafa osadzukanso.

Pomangira lenzi ndiye pali nkhani

Musanasankhe kamera, sankhani banja. Kampani iliyonse inali ndi kamangidwe kake ka lenzi, kamene ojambula amakatchula kuti mount, ndipo lenzi ya banja lina siilowa pa kamera ya banja lina. Nikon F inayamba mu 1959. Pentax K inayamba mu 1975, ndipo Ricoh, Chinon, Cosina ndi Vivitar anapanga makamera a mount yomweyi, n'chifukwa chake banjali lili ndi mabokosi otchipa ambiri. Canon inali ndi FD mpaka mu 1987 pamene inasamukira ku EF, n'kusiya malenzi onse a FD ali amasiye. Minolta inachita chimodzimodzi mu 1985, ndipo malenzi ake akale otchedwa Rokkor mpaka lero ndi ena mwa abwino kwambiri pa mtengo wake. Olympus inali ndi OM. Ndiye pali gogo wa onse, M42, amene alibe zokowera koma mazinga ngati a bawuti: mumangopotokola lenzi mpaka italimba. Inayambira ku East Germany mu 1949, ndipo Praktica, Zenit, Pentax Spotmatic, Fujica ndi ena ambiri anaitengera.

Chimene chimalamula kuti lenzi iyi ingagwire ntchito pa kamera iyo ndi mtunda wochokera pomangira lenzi kukafika pa filimu kapena pa sensa. Lenzi iliyonse inapangidwira mtunda wake. Wa Nikon F ndi mamilimita 46.5, wa M42 ndi wa Pentax K ndi 45.46, wa Canon EF ndi 44, wa Minolta wakale ndi 43.5, wa Canon FD ndi 42. Ngati kamera yanu ili ndi mtunda waufupi kuposa umene lenzi ikufuna, kamphete kachitsulo kotchedwa adaputa kamakwaniritsa potsalapo ndipo zonse zimayenda. Ngati kamera ili ndi mtunda wautali, lenzi imakhala kutali kwambiri ndi filimu, ndipo imalephera kuona bwino zinthu zakutali monga phiri kapena mitambo. N'chifukwa chake lenzi ya M42 imakhala bwinobwino pa Canon EOS, imene mount yake ndi EF, koma pa Nikon imafuna adaputa yokhala ndi galasi lowonjezera, limene kawirikawiri limachepetsa kuthwa kwa chithunzi. Lenzi ya FD pa EOS ndi vuto lomwelo, ngakhale zonse zalembedwa kuti Canon. Anthu ambiri aluza ndalama pamenepa.

Makamera a mirrorless ali ndi mtunda waufupi zedi: Sony E ndi mamilimita 18, Fujifilm X ndi 17.7, Nikon Z ndi 16. Onse amalandira malenzi a mabanja onse aja ndi adaputa yopanda galasi. Ngati muli nayo kale kamera yotere, lenzi yakale imodzi idzakutumikirani mbali ziwiri. Mungokumbukira kuti focus (kuwongolera lenzi kuti chinthu chioneke bwino) ndi aperture (kabowo ka m'lenzi kolowetsa kuwala) mudzazungulitsa ndi dzanja, komanso kuti pa sensa yaing'ono ya APS-C lenzi ya 50mm imaona mopanikiza ngati ya 75mm.

Okonda Nikon achenjere ndi chinthu chimodzi. Malenzi opangidwa chisanafike chaka cha 1977, amene sanasinthidwe kukhala a mtundu wa AI, akhoza kuthyola kachitsulo kowerengera aperture pa makamera ena apambuyo. Dzina la mount ndi limodzi, koma si zonse zimagwirizana.

Nanga lenzi yoyamba ikhale iti? Ya 50mm, f/1.8 kapena f/2 (nambala ya f ikachepa, lenzi imalowetsa kuwala kochuluka). Imeneyi ndiyo inkagulitsidwa pamodzi ndi kamera, ndiye ilipo yambirimbiri, ndipo makampani ankaipanga mosamala chifukwa ndi imene wogula ankayamba kuweruzira kampaniyo. Kapangidwe ka magalasi ake n'kochokera ku Planar, imene Paul Rudolph wa ku Zeiss anaikonza mu 1896, ndipo pofika m'ma 1970 kampani iliyonse inali italidziwa bwino luso limeneli. Ya f/1.4 imalowetsa kuwala kochulukirapo pang'ono, kosakwana ngakhale kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi f/1.8, koma mtengo wake umadumpha kwambiri. Ine ndimati ndalama imeneyo ndi bwino kugulira filimu. Pambuyo pake, 135mm f/2.8 kapena f/3.5 ndi yabwino pojambula nkhope ndipo ndi yotchipa chifukwa ilibe oithamangira, 28mm f/2.8 ndi ya malo opanikizika ndi zamtunda. Ma zoom, malenzi otha kukokera chinthu pafupi kapena kutali, ambiri a m'ma 1970 ndi 1980 ndi olemera, amdima ndiponso ofooka m'mphepete mwa chithunzi. Alekeni, kupatula ochepa odziwika monga Vivitar Series 1 70-210mm.

Helios-44 58mm f/2 iyenera kutchulidwa payokha. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, a Soviet Union anatenga mapulani ndi makina a Carl Zeiss ku Jena, ndipo Helios ndi mwana wa lenzi ya ku Germany yotchedwa Biotar. Inapangidwa mamiliyoni m'mafakitale angapo, makamaka KMZ ku Krasnogorsk, n'kumagulitsidwa pamodzi ndi makamera a Zenit. Imadziwika ndi mmene imazunguzira zinthu za kumbuyo kwa munthu, masamba n'kumaoneka ngati akuzungulira ngati kamvuluvulu. Vuto lake n'loti mafakitalewo sankapanga mofanana, moti malenzi awiri a dzina limodzi akhoza kusiyana kwambiri. Ndi lenzi yofunika kuyesa musanalipire. Komanso yatchuka tsopano, ndiye mtengo wayamba kutsata dzina.

Ya sipuling'i kapena ya batire

Makamera ena amayenda ndi masipuling'i ndi timagiya ngati wotchi yakale. K1000, Nikon FM ya 1977, Olympus OM-1 ya 1972, Minolta SR-T 101 ya 1966 ndi Spotmatic ya 1964 ndi otere. Batire imangoyendetsa mita yoyezera kuwala. Ikatha, kamera imajambulabe. Mmisiri waluso akhoza kuitsegula, kuipukuta, kuithira mafuta, n'kuibwezera moyo. Ena monga Canon AE-1 ya 1976 ndi Minolta X-700 ya 1981 shutter yawo imadalira magetsi, ndipo popanda batire sakhosomola n'komwe. Sikuti ndi oipa. X-700 imakonda kufa makapasita, ndipo wodziwa kuwotcherera mawaya a wailesi akhoza kuwasintha. AE-1 imakonda kulira kuti tswii pojambula chifukwa mafuta a pa timagiya ta kalilole anauma, ndipo zimenezi zimakonzeka. Koma kachipangizo ka magetsi ka m'kati kakapsa, sipeya yake ndi kamera inanso yakufa.

Za mabatire funsani msanga. K1000 imadya LR44, imene imapezeka mosavuta. AE-1 imadya 4LR44 ya mavoti 6. OM-1 ndi SR-T 101 anapangidwira batire ya mercury ya mavoti 1.35, imene inaletsedwa m'mayiko ambiri m'zaka za m'ma 1990 chifukwa cha poizoni wake. Mukaikamo ya masiku ano ya mavoti 1.5 mita imanama. Ambiri amagwiritsa ntchito batire ya 675 ya timakina tothandiza kumva, imene imapereka mavoti pafupifupi 1.4 koma siikhalitsa. Mita ikakhala yakufa pa kamera ya masipuling'i, musathawe. M'malo mwake nenererani mtengo. Foni ili ndi mapulogalamu oyezera kuwala, ndipo palinso lamulo lakale la ojambula: dzuwa likuswa mtengo, ikani f/16, ndipo liwiro la shutter lifanane ndi nambala ya filimu, monga 1/125 pa filimu ya ISO 100.

Pali gulu limene anthu amalinyoza koma ndi limene ndingauze mng'ono wanga kuti ayambire: makamera apulasitiki a kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, monga Canon EOS 300 ya 1999, Nikon F65 ndi F80, kapena Minolta Dynax 5. Saoneka okongola pakhosi, ndiye otsata fasho sawafuna, ndipo mtengo wake ndi wotsika kwambiri. Komatu ndi aang'ono pa msinkhu ndi zaka 20 kuposa AE-1, mita yawo ndi yolondola, amakoka okha filimu, amachita okha focus. Lenzi ya EF ya pa Canon ya digito imalowa pa EOS 300, kupatula ya EF-S, yopangidwira sensa yaing'ono. Cholemetsa chake ndi mabatire a CR2 kapena CR123A, amene ndi odula ndipo sapezeka pa okala iliyonse.

Timakamera ta m'thumba totchuka, monga Contax T2, Yashica T4 ndi Olympus mju-II, ndi msampha kwa wosauka. Anthu otchuka atayamba kuoneka nato, T2 inadutsa madola 1,000, chonsecho kachingwe kamodzi ka m'kati kakaduka nkhani yatha. Pewaninso makamera amene filimu yake inasiya kupangidwa, monga APS, Disc ndi 126. Amatchipa chifukwa alibe chakudya.

Kamera ili m'manja

Yambani ndi motsekera batire. Ufa woyera kapena wobiriwira ndi chizindikiro chakuti batire inaphulikiramo. Wapamwamba umachoka ndi viniga, koma ngati unatsata waya kulowa m'kati, mita yapita. Kenako tsegulani chitseko cha kumbuyo, chotsani lenzi, lozetsani kamera kowala n'kuwombera pa liwiro lililonse. Pa sekondi imodzi mverani ndi khutu: kulira kwa timagiya kukhale kosalala, kosadodoma. Pa 1/500 ndi 1/1000 yang'anani ngati kuwala kukuoneka pa khomo lonse, chifukwa shutter yotopa imatseka mbali imodzi isanatsegule bwino, ndipo theka la chithunzi limada. Ngati shutter ndi yansalu, unikani ndi tochi ya foni muone ngati ilibe tiziboo. Musaikhudze ndi chala.

M'mphepete mwa chitseko ndi pamene kalilole amagunda pali siponji yakuda yotchinga kuwala. Pa kamera ya zaka 40 imakhala itasungunuka ngati phula. Ili ndi vuto laling'ono koposa onse: mumapala ndi kamtengo, kupukuta ndi spiriti, n'kumata yatsopano. Ena amagwiritsa ntchito ulusi wakuda wolukira majuzi m'timipata ta chitseko, ndipo umagwira. Fumbi la poyang'anira silifika pa chithunzi. Mawanga a m'galasi la pamwamba la OM-1, amene amabwera siponji ikadya siliva wake, nawonso amangosowetsa mtendere m'maso koma filimu saikhudza.

Lenzi ndiye imafuna kudekha. Tsegulani aperture yonse, unikani tochi mbali imodzi chopendeketsa, inu muyang'ane mbali inayo. Musachite mantha ndi fumbi. Lenzi iliyonse yakale ili nalo ndipo silioneka pa chithunzi. Tizikanda ting'onoting'ono ta galasi la kutsogolo nato sitivuta kwenikweni, koma ta galasi la kumbuyo timavuta. Adani enieni ndi atatu. Woyamba ndi chuku, chimene chimaoneka ngati ukonde wa kangaude kapena timizu toyera. Chikakhalitsa chimadya utoto wa pa galasi n'kusiya zipsera zosachoka ngakhale mutapukuta. Wachiwiri ndi nkhungu, kuyera kofanana ndi mpweya wa pakamwa pa zenera, kumene kumabwera girisi akasanduka nthunzi n'kudeka pa galasi. Ambiri amaopa chuku kuposa nkhungu, koma nkhungu ndi imene imafooketsa chithunzi chonse, makamaka mukajambula moyang'ana kowala. Wachitatu ndi kumatuka kwa magalasi awiri omatidwa pamodzi, kumene kumaoneka ngati utawaleza m'mphepete. Kukonza kwake kumaposa mtengo wa lenzi yotchipa. Pomaliza sewerani ndi kachitsulo ka aperture kumbuyo kwa lenzi. Timasamba take tizitseka ndi kutsegula mwachangu, touma. Tikanyezimira mafuta timachedwa, ndipo zithunzi zimayera mopitirira.

Mukapeza Super-Takumar 50mm f/1.4 galasi lake lili lachikasu ngati tiyi wopanda mkaka, sikuti yaonongeka. Magalasi ena a nthawi imeneyo ankasakanizidwa ndi thorium, amene amatulutsa cheza chochepa ndipo amasintha mtundu wa galasi pakapita zaka. Kuwala kwa UV kumachotsa chikasucho pang'onopang'ono. Pojambulira siiopsa, koma galasi lotere si loswa kapena kupala.

Nkhani ya chuku imatikhudza ife kwambiri kuposa wogula wa ku Finland. Chimakonda mdima, chinyontho ndi mpweya wosayenda, ndipo nyengo ya dzinja ku Nkhata Bay, ku Mulanje kapena ku Tete imapereka zonsezi. Kamera ya malume imene yakhala m'chikwama chake chachikopa pansi pa sutikesi kwa zaka 20 iyenera kuunikidwa bwino isanakusangalatseni. Mukagula lenzi yoyera, musaisunge m'chikopa. Ikani m'kontena yotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel, tija timabwera m'mabokosi a nsapato, ndipo muziitulutsa kukajambulira.

Kogula kulipo kosiyanasiyana. Pa eBay ogulitsa a ku Japan ali ndi katundu wambiri, koma mawu awo a pamutu monga EXC+5 kapena Near Mint asakutengeni mtima; werengani m'munsi pamene amatchula haze (nkhungu) ndi fungus (chuku), ndipo kulitsani zithunzi. Mawu akuti untested, kutanthauza kuti sinayesedwe, atengeni ngati akutanthauza kuti yakufa, mulipire mtengo wa yakufa. Masitolo monga KEH ku Georgia m'dziko la America ndi Kamerastore ku Tampere amayesa katundu asanagulitse, ndipo kalasi ya KEH yotchedwa Bargain, ya zinthu zokalika kunja koma zamoyo, ndi imene wanzeru amasakamo. Abale athu a ku Britain ali ndi mwayi wa masitolo a mabungwe achifundo ndi misika ya Lamlungu imene anthu amagulitsira katundu wakale kumbuyo kwa galimoto. Wa ku Lilongwe kapena ku Chipata awerengere ndalama yotumizira, msonkho wa kasitomu, komanso kuti kubweza katundu wolakwika kutsidya kwa nyanja n'kovuta. Kwa iye kamera imene angaigwire m'manja, ya kwa wojambula wakale wa pa situdiyo kapena ya wachibale, imaposa yokongola ya pa intaneti.

Ndalama yaikulu siili pa kamera ayi, ili pa filimu. Mpukutu umodzi umapereka zithunzi 36 kapena 24, ndipo pamwamba pa kugula pali kutsukitsa ndi kusikana. Wojambula mpukutu umodzi pa mwezi, chaka chisanathe amakhala atalipira zoposa mtengo wa EOS 300 yake. Ndiye musanagule kamera, dziwani kumene mudzagule filimu ndi amene adzakutsukireni. Ya mitundu yotchipirapo ndi Kodak ColorPlus 200 ndi Gold 200. Imatsukidwa ndi mankhwala a C-41 pa madigiri pafupifupi 38 osasuntha, n'chifukwa chake ambiri amaisiyira labu. Ya black and white monga Fomapan ya ku Czech Republic kapena Kentmere ya ku England ndi yotchipa, ndipo imatsukika pakhomo pa madigiri 20 ndi kathanki, thumba lakuda losinthira filimu, mankhwala otulutsa chithunzi monga Rodinal, ndi fixer yochikhazikitsa. Kwa amene ali kutali ndi labu, imeneyi ndiyo njira yokhalitsa. Makamera a theka la chithunzi, monga Olympus Pen imene inayamba mu 1959, amatulutsa zithunzi 72 pa mpukutu wa 36. Filimu imadana ndi kutentha, ndiye isungeni m'firiji. Mukaitanitsa kudzera kwa wachibale wobwera pa ndege, asaiike m'katundu wopita kunsi kwa ndege, ndipo pa makina atsopano a CT apemphe kuti iunikidwe ndi manja, chifukwa makinawa amaiwotcha.

Mpukutu woyamba ukhale woyesera, wotchipa komanso wosapitirira tsiku lake, chifukwa filimu yakale ikalakwika simudziwa ngati wolakwa ndi kamera kapena filimu. Musapite nawo ku ukwati wa mlongo wanu. Jambulani khoma limodzi lowala mofanana pa liwiro lililonse, mukusintha aperture kuti kuwala kufanane, ndipo muzilemba m'kope. Kenako siyani kamera padzuwa mphindi zingapo lenzi ili yovindikira, mupitirize kujambula. Mukatsukitsa, yang'anani negativi yeniyeniyo osati za pa foni zokha. Ngati zithunzi za khoma zada mofanana, shutter ili bwino. Mikwingwirima yodutsa mpaka m'mphepete mwa filimu, pa tiziboo paja, ndi kuwala kolowera ku chitseko, ndiye sinthani siponji. Zithunzi zokwerana ndi vuto la chokokera filimu, ndipo mzere wautali wowongoka kuyambira koyamba mpaka komaliza ndi kamchenga kapena dzimbiri pa mbale yopanikiza filimu. Zonsezi zichitike masiku obwezera katundu asanathe, ngati wogulitsayo anakupatsani masikuwo.